Makina Sagula Dzina la Webusaiti

Mnzanga wina wa ku hositelo anabwera akumwetulira sabata yatha. Anali atalembetsa dzina la webusaiti, lomwe ena amati domeni, ndipo chida china cha pa intaneti chinamuuza kuti dzinalo ndi la madola oposa 1,000. "Aise, ndaphula," anatero. Ndinangomufunsa kuti, "Nanga akugula ndani?" Anangoti kakasi.

Ine ndikuti zida zoyerekeza mitengozi n'zosocheretsa, ndipo ife ophunzira tisamaziyese mneneri.

Taonani mmene zimagwirira ntchito. Zida monga EstiBot kapena cha GoDaddy zimayang'ana kutalika kwa dzina, ngati likuthera ndi .com, kutchuka kwa mawu ake, ndiponso mitengo ya mayina ofanana nalo amene anagulitsidwa kale. Vuto layambira pomwepa. Malonda ambiri a mayina amachitika mwachinsinsi, choncho makinawo amaphunzira pa zimene zinadziwika zokha. Komanso msika umenewu ndi wa Chingerezi kwambiri. Mukalowetsamo mawu a Chichewa, makina ayerekeza ndi chiyani?

Chachiwiri, dzina si thumba la chimanga. Chimanga chili ndi mtengo wodziwika chifukwa matumba amafanana ndipo ogula ndi ambiri. Dzina limakhala limodzi lokha, mwinanso wolifuna n'kukhala mmodzi. Mu 2019, kampani ya Block.one inapereka madola 30 miliyoni kwa MicroStrategy kugula Voice.com, chifukwa inkayambitsa tsamba la mchezo lotchedwa Voice. Mtengowo unachokera pa njala ya wogulayo. Nanga .ai? Ndi chizindikiro cha kachilumba ka Anguilla, ndipo kwa zaka zambiri anthu sankachilabadira kwenikweni. ChatGPT itatuluka mu 2022, makampani anayamba kuchikanganirana. Makina ophunzira pa zadzulo akanadziwa bwanji zimenezi?

Chachitatu, funsani kuti apindula ndani. Kampani yomwe imalembetsa mayina imalandira ndalama chaka chilichonse mukamalipiranso dzina lanu, kaya ligulidwe kaya ayi. Ngati yomweyo ndiyo ikukuuzani kuti muli ndi chuma m'manja, zili ngati kufunsa wogulitsa tomato ngati tomato wake ndi wabwino. Sindikuti amanama dala, koma nambala yokoma imakupangitsani kupitiriza kulipira.

Ena amati zidazi zimathandiza kusankhula. Ndikuvomera: wamalonda amene ali ndi mayina zikwizikwi angazigwiritse ntchito posiyanitsa tirigu ndi mankhusu. Koma wophunzira amene wabudula ndalama ya chakudya saona nambalayo ngati chongoyerekeza. Amaiona ngati lonjezo.

Musanalembetse dzina kuti mudzaligulitse, tchulani mabizinesi atatu enieni amene angalifune, ndipo munene chifukwa chake. Mukalephera, sungani ndalama zanu. Mnzanga uja mpaka lero sanalandire uthenga ndi umodzi womwe wa wogula, koma chaka chikatha adzafunika kulipiranso, m'madola. Paja akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.