Tikambirane: Cholinga chimangidwe nkhokwe ikadali yodzaza



Nyengo yokolola yafika. Njinga zayamba kale kutsetsereka zitasenza matumba a chimanga kulowera kumalire, ndipo mavenda akoleka masikelo awo m'mphepete mwa misewu. Ino ndi nthawi imene mlimi amatchedwa bwana pa msika. Koma tonse tikudziwa mmene nkhaniyi imathera. Pofika Januwale ndi Febuluwale, chimanga chomwe tinagulitsa motchipa chija timakachigulanso pa mtengo wokwera, ndi ndalama ya ganyu ya m'munda wa wina, kwinaku munda wathu ukudyedwa ndi udzu. Chaka chamawa n'kubwerezanso zomwezo.

Mukafunsa munthu aliyense pano kuti akufuna chiyani, ayankha msanga: nyumba ya malata, njinga yamoto, mwana apite ku sekondale. Zofuna tili nazo zambiri. Chimene chimasowa ndi kusandutsa chofunacho kuti chikhale ntchito ya lero.

Makolo athu anali nayo kale nzeru ya zimenezi, ndipo dzina lake ndi ndime. Palibe munthu amene amalowa m'munda m'mawa n'kunena kuti lero ndilima munda wonse. Amaima, n'kuloza ndi khasu kuti kuchokera apa kukafika pa chulu paja. Akafika pachulupo amaweruka mtima uli mbee, mawa n'kudulanso ina. Achikulire akukumbukira kuti mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu amene anathawira ku Malawi anabwerera n'kupeza minda yasanduka thengo ndipo nyumba zagwa. Minda imene lero ikudyetsa mbali zonse ziwiri za malire inatsegulidwanso motero, ndime imodzi pa tsiku. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Tsono tiyeni tione mmene ndime ingagwirire ntchito pa zolinga zathu za pakhomo.

Choyamba, cholinga chikhale ndi nambala ndi tsiku. Kunena kuti "chaka chino sitigona ndi njala" ndi pemphero labwino, koma pafunika masamu. Khalani pansi awirinu, bambo ndi mayi, muwerenge. Ngati thumba limodzi la makilogalamu 50 limatha pa masabata atatu pakhomo panu, ndiye kuti chaka chonse mufuna matumba 18. Onjezani awiri kapena atatu a maliro ndi alendo, chifukwa chakudza sichiimba ng'oma. Matumba amenewo muwateteze kwa anankafumbwe, muwaike padera, ndipo venda asawaone n'komwe. Zotsalazo ndiye zogulitsa. Masamuwa achitike njinga isanatuluke pakhomo, pakuti ndalama ikalowa m'thumba la buluku imayamba kulamula yokha.

Chachiwiri, zofunika za m'tsogolo zigulidwe lero pamene ndalama ilipo. Akatswiri atatu a zachuma, Esther Duflo, Michael Kremer ndi Jonathan Robinson, anafufuza nkhani imeneyi pakati pa alimi a chimanga a ku Busia m'dziko la Kenya, ndipo zotsatira zake anazisindikiza mu 2011. Alimi ambiri ankanena kuti adzathira feteleza, koma nthawi yake ikakwana ndalama inali itatha. Alimi ena atapatsidwa mwayi wolipiriratu fetelezayo atangokolola, ambiri mwa iwo anathiradi kuposa anzawo amene anadikira. Ife tingachite chimodzimodzi popanda wotiuza. Ngati cholinga ndi denga la malata 20, gulani asanu lero muwaimike kuchipinda. Lata silipita ku kachasu, ndipo wachibale wodzabwereka ndalama sangalipinde n'kuliika m'thumba. Chimodzimodzinso yunifolomu ndi makope a ana: sukulu kuno imatsegulira kumayambiriro kwa chaka, nthawi yeniyeni ya njala, choncho ziguleni chimanga chikadali m'nkhokwe.

Chachitatu, chizolowezi chikhale chaching'ono, ndipo chimangiriridwe pa chinthu chimene mumachita kale tsiku ndi tsiku. Wakabaza akafika pakhomo madzulo n'kutsamiritsa njinga pakhoma, aponye meticais 20 m'kabokosi asanasambe n'komwe. Ndalamayo ikuoneka yochepa, koma pa masiku 300 imakwana meticais 6,000. Mayi wogulitsa mandasi achite chimodzimodzi akamatsuka beseni. Kabokosiko kakhale ndi loko, kapena ndalamayo ikhale m'foni pa M-Pesa kapena e-Mola, pa nambala imene simugulirapo mayunitsi.

Musayembekeze kuti zizolowereka sabata imodzi. Mu 2009, Phillippa Lally ndi anzake a ku University College London anatsatira anthu 96 amene ankayesa kuyamba chizolowezi chatsopano. Anapeza kuti kwa munthu wapakatikati pankatenga masiku 66 kuti chinthucho chiyambe kuchitika chokha, ndipo ena ankafunika masiku oposa 200. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikuwononga ntchito yonse. Tsono ngati Lachiwiri kunali maliro ndipo m'kabokosi simunagwe kanthu, Lachitatu pitirizani. Dzedzeredzedzere salingana n'kugweratu.

Chachinayi, musayende nokha. Chipereganyu, chimene anzathu a kummwera amachitcha xitique, chakhala chikumangira anthu nyumba kwa zaka zambiri, ndipo masiku ano kulinso mabanki a m'khonde. Mphamvu ya magulu amenewa ndi manyazi abwino aja: munthu angadzinamize yekha, koma n'kovuta kupita chimanjamanja pamaso pa anzako khumi. Koma sankhani anzanu mosamala, zonse zilembedwe m'kope, ndipo ndalama ziwerengedwe poyera aliyense akuona. Komanso musamangire cholinga chonse pa mbewu imodzi. Amene analima nandolo wambiri sadzaiwala chaka cha 2017, pamene dziko la India linachepetsa kugula ndipo mitengo inagwa pansi. Sitidzaiwalanso namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, amene anakokolola minda ndi nyumba mbali zonse ziwiri za malire. Mbuzi ziwiri, nkhuku, kadimba ka masamba, izi ndi zimene zimagwira banja chaka chikaipa.

Tsono tifike pa nkhani imene alangizi ambiri amaidumpha: chisangalalo. Ena akamva za kusunga amaganiza kuti pakhomo pasanduke ndende, nyama isalowenso, wailesi izimitsidwe. Dongosolo lotere silifika Ogasiti. Munthu amene wadzimana miyezi itatu amadzaphulika tsiku limodzi la msika, n'kumwera zonse. Mlimi amene wamaliza ndime yake amakhala pamthunzi n'kumwa thobwa, ndipo thobwa limenelo ndilo limamubwezera kumunda mawa.

Choncho chisangalalo nachonso chikhale ndi gawo lake m'masamu aja. Gwirizanani kuti lata lachisanu likalowa m'nyumba, nkhuku igwa. Mayi agule chitenje chatsopano popanda kubisa, bambo akaonere mpira popanda kunama. Ana apatsidwe ntchito yodula mzere pakhoma tsiku lililonse limene ndalama yagwa m'kabokosi. Mudzaona okha akukukumbutsani, ndipo akuphunzira masamu osadziwa.

Zosangalatsa zambiri pano sizifuna ndalama. Bawo la pansi pa mtengo wa mango lilipo. Tchopa, gule wa Alhomwe amene bungwe la UNESCO linamuika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse mu 2014, ndi wa kwathu konkuno. Kwaya ya kutchalitchi, mpira wa anyamata Loweruka, nthano za agogo madzulo, zonsezi n'zaulere. Azungu amalipira ndege kudzaona phiri la Mulanje, pamene ife timadzuka nalo m'maso, ndipo la Tumbine lili pakhomo penipeni. Kodi ndi liti pamene munakhala pakhonde ndi ana anu n'kuliyang'ana dzuwa likulowa?

Chimene tiyenera kusamala nacho ndi chisangalalo chimene chimadya cholinga. Kubetcha pa foni kwalowa m'midzi mwathu mwakachetechete. Mnyamata amati ndikungoyesa ndi meticais 20, yomwe ija tinati ikanakwana 6,000. Njira yodziwira ndi yapafupi: chisangalalo chabwino ungachifotokoze pakhomo mawa m'mawa osachita manyazi.

Ntchito ya sabata ino nayi, abale anga. Pezani kope la mwana lotsala masamba. Lembanimo zinthu zitatu: matumba amene sagulitsidwa, chinthu chimodzi chimene mukufuna chikhale chitachitika pofika Disembala, ndi ndime ya tsiku lililonse yokufikitsani kumeneko. Pansi pake lembaninso tsiku limene nkhuku idzagwe. Mukatero, njinga ituluke.

Tionana sabata yamawa.