Chovala cha Paukwati

Pa zombo zikuluzikulu zonyamula alendo panyanja za kunja pamakhala usiku wina wovala zaulemu. Wofuna amavala suti kapena diresi lalitali, wosafuna saumirizidwa. Ngakhale zili choncho, ambiri amavutika mumtima posankha chovala. Ife a m'chigwa cha Domasi zombo zotere tilibe, koma vutoli tikulidziwa bwino.

Ukwati ukalengezedwa m'tchalitchi, palibe mkulu wa mpingo amene amalamula chovala. Komabe sabata imeneyo mudzaona anyamata akupendapenda majekete pa kaunjika wa ku Songani, amayi akukongola ndalama za telala pamene chimanga chachepa kale m'nkhokwe. Chomvetsa chisoni koposa ndi ichi: mayi wamasiye amatsala pakhomo chifukwa chitenje chake chinasuluka, ndipo palibe womufunsa.

Achikulire akukumbukira lamulo la 1973 limene linaletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi. Lamulo lija linatha, koma maso a anthu akulamulabe, ndipo amaopsa kuposa apolisi. Pamenepa amayi a Mvano anatitsogolera: bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera zimakhazika mkazi wa mphunzitsi ndi mlimi wa mpunga pa benchi limodzi.

Makolo, mwana akapempha suti, yambani mwaona ngati fizi yake yalipidwa. Malaya ochapa bwino ndi kusita ndi simbi ya makala akwanira. Ndipo inu a komiti ya ukwati, tumani mtsikana akatenge mayi wamasiye uja, mumusungire mpando kutsogolo.