Mtengo wa Belo Umayambira Kutali



Mwana wa mlimi wa fodya wa kwa Kapelula, m'boma la Kasungu, akasankhidwa kupita ku sukulu yaukachenjede, nauza makolo ake kuti mtima wake uli pa maphunziro a ndale ndi ubale wa pakati pa maiko, si kawirikawiri kuti pakhomopo pamveke nthungululu, pakuti bambo amene wakalamba chiweramire pa nazale, zala zake zitada bii ndi phula la fodya, amayembekeza kuti thukuta lake libala dotolo, mphunzitsi kapena mlangizi wa zaulimi, munthu amene ntchito yake imaoneka ndi maso. Funso la kholo lotere n'lolungama ndipo sitiyenera kulipeputsa: kodi za ku Geneva ndi ku Washington zili ndi gawo lanji pa chigafa changa?

Fodya wa bale amene banja lonse limawokera ndi mvula yoyamba, kuthyola tsamba ndi tsamba, kusoka, kupachika pa mikangala kuti aume ndi mphepo, kusankha ndi kudinda pa jeke, akafika pa msika wa Chinkhoma mtengo wake amautchula m'madola a ku America, ndipo pafupifupi yense amawoloka nyanja. Tsono amene amanena ngati fodyayo afunika kapena ayi sakhala ku Kasungu, ndipo ambiri a iwo sanaonepo chigafa chibadwire.

M'chaka cha 2003 maiko a m'bungwe la zaumoyo la WHO anapangana pangano lochepetsa kusuta, ndipo mu November 2010, pa msonkhano wa ku Punta del Este m'dziko la Uruguay, anagwirizana zolangiza maboma kuti aletse kapena kuchepetsa zokometsera zimene amathira m'ndudu. Munthu angayese kuti nkhani ya shuga ndi koko wa m'ndudu njachabe. Koma fodya wa bale, popeza amauma ndi mphepo, amakhala wowawa ndi wokeretsa pakhosi, ndipo opanga ndudu amamufewetsa ndi zokometsera zomwezo, kotero kuti lamulo lokhudza shuga linali kukhudza ndithu chakudya cha ana a kwa Kapelula. Pa nthawi imeneyo dziko la Malawi, limene lili m'gulu la maiko otsogola pogulitsa bale, linali lisanalowe m'panganolo, motero linalibe voti pamene mlandu wake unali kuzengedwa. Linalowa mu 2023. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ndipo ife tinadzaona kuti ngakhale belo lodinda kale likhoza kuuluzika ndi mawu olankhulidwa m'chipinda chimene mulibe mwana wathu.

Pa 1 November 2019 boma la America linalamula kuti fodya wa ku Malawi aziimitsidwa pa madoko ake, chifukwa cha umboni woti m'minda mwathu munali kugwira ntchito ana ndi anthu okakamizidwa. Tisaname pamaso pa Mulungu: ana ogona m'chigafa nthawi ya sukulu tinali kuwaona, ndipo matenanti otuluka pa esiteti chimanjamanja chaka chitatha tinali kuwadziwa maina. Makampani ogula anayenera kusonyeza mmodzimmodzi kuti fodya wawo ngwoyera asanaloledwenso, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti m'lamulo la ntchito. Apa mpamene paonekera ntchito yeniyeni ya kazembe, imene ifanana ndi ya nkhoswe ya banja: iye amateteza mbale wake kuchipongozi, koma akabwera kwawo amamuuza mosapsatira pamene walakwa, mlandu usanakule.

Ndipo izi sizinayambe lero. Patangopita miyezi iwiri chilandirire ufulu mu 1964, Dr. Hastings Kamuzu Banda, mwana wa Kasungu yemweyu, anasemphana ndi nduna zake, pakati pawo Kanyama Chiume amene anali woona za maiko akunja, ndipo ina mwa mizu ya mkanganowo inali yakuti kodi tilandire thandizo la China, kodi tiyanjane ndi Apwitikizi olamulira Mozambique. Kamuzu anasankha njira yake: anamanga ubale ndi South Africa wa tsankho mu 1967, abale athu a mu Africa natiyang'ana ndi diso lofiira, ndipo njanji yopita ku Nacala inatsegulidwa mu 1970. Nkhondo ya ku Mozambique itatseka njira za Beira ndi Nacala m'zaka za m'ma 1980, fodya wathu anazungulira mpaka ku Durban, ndipo mtengo wa ulendowo unagwera mlimi. Kumapeto kwa 2007 tinasiya Taiwan ndi kugwira dzanja la China, pakuti mapanga awiri avumbwitsa. Feteleza atakwera mtengo pa nkhondo ya Russia ndi Ukraine mu 2022, mayi wa kwa Kapelula anaimva nkhondoyo pogawa thumba limodzi pamunda wofuna matumba atatu.

Zoterezi ndizo zimene mwana uja akukaphunzira, kaya ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba, kumene kuli maphunziro a ndale ndi kayendetsedwe ka boma, kaya ku Mzuzu, kumene amaphunzitsa za mtendere ndi chitetezo: mmene mapangano a maiko amalembedwera, mphamvu imene dziko laling'ono lopanda doko lingakhale nayo likagwirizana ndi anzake a mu SADC ndi COMESA, ndi malamulo amene nkhani ya malire a Nyanja ya Malawi, yochokera pa pangano la Angerezi ndi Ajeremani la 1890, iyenera kuweruzidwira. Koma tinene mosabisa kuti maphunzirowa adzakhala mtengo wosabala zipatso ngati aphunzitsi adzangodyetsa ana nkhondo za ku Ulaya, osawatengera ku Chinkhoma kuti akamve kulira kwa mlimi amene belo lake labwezedwa kachitatu. Adzakhalanso otero ngati mipando ya m'maofesi a akazembe athu idzakhala mphotho ya ovina pamisonkhano ya zipani, ana ophunzira ntchitoyo akuyenda ndi makalata m'manja pa Capital Hill.

Ntchito ikuwayembekeza, ndipo njofulumira. Pangano lija la WHO lili ndi ndime 17, imene ikuti maiko athandizane kupezera alimi a fodya njira zina zodalirika zopezera ndalama. Soya ndi mtedza zimabereka bwino m'dothi la Kasungu, koma mbewu zimenezi zikufuna misika yotsimikizika, ngongole zopepuka ndi misewu yoti lole ifike kwa Kapelula m'dzinja. Thandizo lotere silibwera kwa wokhala chete. Pa msonkhano uliwonse wa maiko a m'panganoli pafunika Mmalawi amene adzaimirire ndi ziwerengero m'manja, wodziwa malamulo a chipindacho, wodziwanso masiku amene banja limatha kuti lidinde belo limodzi, natchule ndime 17 kufikira olemba ataiika m'zogwirizana za msonkhanowo.