Basi ya ku Marondera: ndani wakhala pampando wa mwana uja?

Tsegulani kaye Yakobo 2:1-9, muwerenge mosathamanga, ndiye mubwere tikambirane. Za lero zowawa pang'ono, mundipirire.

June wayandikira. M'maparishi ambiri achinyamata ali kalikiliki kukonzekera ulendo wa ku Marondera ku Zimbabwe, kumene Aanglikani a chigawo chathu cha Central Africa, kutanthauza Zambia, Malawi, Zimbabwe ndi Botswana, amasonkhana miyandamiyanda kukumbukira Bernard Mizeki. Ana amenewa mwawaona ndi maso anu. Chiyambire January akugulitsa vitumbuwa pakhomo la tchalitchi pa Sondo, akutsuka magalimoto athu pa Chiweru, ena mpaka kukagwira ganyu m'minda ya anthu. Kangachepe kalikonse kakulowa m'thumba limodzi, la basi.

Manje dikirani sabata yomaliza, mndandanda wa opita utuluke. Mipando yakutsogolo a warden ndi akazi awo. Pambuyo pawo amayi asanu, ati oyang'anira ana. Kenaka mwana wa msungichuma, amene chaka chonse sanagwireko ndowa ngakhale kamodzi. Ndiye mtsikana uja wa zipsera za mafuta otentha m'manja amamuitanira pambali, "Iwe mwana, malo atha, udzapita chaka chamawa." Ndipo chaka chamawa amamva zomwezo.

Yakobo akukamba za munthu wa mphete yagolide amene mumamuthamangira ndi mpando wabwino, wosauka n'kumuuza kuti aimirire uko. Ife timawerenga ndimeyi, n'kumaganiza za mabenchi a m'tchalitchi chabe. Mpando wa m'basi nawo ndi mpando. Ndipo apa pali choipa choposa chimene Yakobo anaona, chifukwa mpandowo wagula ndi wosaukayo, ndi thukuta lake. Kunja kwa mpanda wa tchalitchi khalidwe lotere lili ndi dzina, ndipo inu mukulidziwa.

Ndikudziwa zimene muyankhe, a komiti. Muti ana afunika owayang'anira. Zoona, palibe kholo lingalole mwana wake kuwoloka Zambezi pa Chirundu popanda wamkulu. Koma oyang'anira ndi angati? Awiri kapena atatu akwana, mayi pa atsikana, bambo pa anyamata. Otsalawo ngati mtima ukufuna ku Marondera, dalitso ndithu, pitani, koma pisani m'thumba mwanu mupeze basi yanu. A Mothers' Union amadziwa kusonkha kuposa tonsefe, musawanamizire umphawi.

Muti ena alibe mapasipoti. Nanga munawauza liti? Mwana wa m'nyumba yoti palibe anatulukako m'dziko sadziwa kuti pepala limeneli limafuna ndalama ndi masabata odikira. Mukamuuza mu June ndiye kuti mwamuchotsa kale, mwangosiyira ofesi ya boma kuti ikunenereni. Nkhani ya mapepala ndi ya mu January, ndipo thumba la basi likanayamba kuthandiza pamenepo.

Ndiye pali yankho lija lonong'ona, loti achinyamata akapita kutali amakachita zachibwana, bola tipite ife okhwima. Werengani Luka 2:41-52. Yosefe ndi Mariya anatenga mnyamata wa zaka 12 kupita naye ku Paska ku Yerusalemu, m'chipwirikiti cha anthu, ndipo anawasowadi. Anamufunafuna ndi nkhawa mpaka kumupeza atapita masiku atatu. Ngozi inalipo, koma sanamusiye ku Nazarete kuti azilondera nyumba. Komanso tinene chilungamo, si achinyamata okha amene amachita manyazi paulendo. Ena mwa okhwimawa akangofika ku Harare mapemphero aiwala, maso ali pa katundu wokagulitsa kunyumba.

Kodi munthu amene mukupita kukamulemekezayo mumamudziwa? Mizeki anabadwira kufupi ndi Inhambane ku Mozambique cha m'ma 1861. Anachoka kwawo ali kamnyamata n'kupita ku Cape Town kukagwira ntchito zamanja ndi za m'nyumba za anthu. Masana ntchito, usiku sukulu ya mishoni. Anabatizidwa mu 1886. Mu 1891 anatsagana ndi Bishopu Knight-Bruce kupita ku Mashonaland, ndipo anakhazikika m'dera la mfumu Mangwende, kuphunzira Chishona, kuphunzitsa ana, kutsogolera mapemphero. Sanavalepo kolala. Anali katekisiti, munthu wamba ngati ine ndi inu. Nkhondo itabuka mu 1896 anamuchenjeza kuti athawe, iye anakana kusiya anthu ake, ndipo pa 18 June anamubaya ndi mkondo pakhomo pa nyumba yake. Mkazi wake Mutwa anali ndi pakati. Thupi lake silinapezeke.

Tsono taganizani. Mnyamata wobwera, wantchito wa m'nyumba, wopanda bambo m'komiti, wopanda amalume odziwika m'dayosisi. Mizeki wa zaka 20 akanakhala m'parishi mwanu lero, dzina lake likanapezeka pamndandanda uja? Kapena nayenso mukanamuitanira pambali?

Ambiri mukumbukira zaka zija za mkangano wa Nolbert Kunonga, pamene abale athu a ku Zimbabwe anatsekeredwa kunja kwa matchalitchi awo, ndipo apolisi ankabweza anthu kuti asafike pamalo a Mizeki, kufikira khoti lalikulu litagamula mu 2012. Tinadandaula, tinawapempherera, tinati nkhanza. Lero palibe wapolisi waima panjira ya mtsikana wa vitumbuwa uja. Womubweza ndi ife, titanyamula buku la mapemphero m'manja.

Ndipo musaganize kuti amangolira tsiku limodzi n'kuiwala. Mwana wa zaka 17 amaphunzira za Mulungu poona mmene akulu a mpingo amagwirira ndalama zake. Sadzakangana nanu, analeredwa bwino. Adzangoyamba kujomba kwaya. Pakutha kwa chaka mudzamva kuti akuimba kutchalitchi ina ya m'kalasi ya sukulu, kumene anamupatsa maikolofoni pa Sondo yachiwiri. Ndiye pamsonkhano wa pachaka mudzaimirira ndi nkhope yachisoni kufunsa kuti achinyamata athu akupita kuti.

Ngati ndalama sizikwanira onse amene anagwira ntchito, Marondera sathawa. Kuno kwathu kuli Msoro, kumene wansembe Leonard Kamungu, wochokera ku Nyasaland, anayambitsa mishoni ndipo anamwalira komweko mu 1913. Safuna pasipoti. Kupita onse ku Msoro kuli bwino kuposa kupita theka ku Zimbabwe, theka lina likukuwazirani manja pamsewu. Koma asankhe okha eni ndalama, musawasankhire.

Inu achinyamata, musatenge mawu anga ngati chibonga chokamenyera makolo anu. Lembani m'buku tsiku lililonse lantchito, ndani anabwera, zinalowa zingati, ndipo msungichuma wanu asaine pamodzi ndi wa parishi. Buku lotere limalankhula mwaulemu kuposa pakamwa pokwiya.

Inu amene dzina lanu lili pamndandanda koma simunatsukeko galimoto ngakhale imodzi, nthawi ikalipo. Pitani kwa abambo wansembe sabata ino, muwauze kuti mpando wanu upite kwa mwana amene anaugwirira ntchito. Ngati muli ndi bulangeti lolemera mubwerekeni, ku Marondera mu June kumazizira koopsa ndipo ambiri amagona panja. Ndipo pa Sondo ikubwerayi, nthawi ya zolengeza, wina aimirire apemphe kuti maina onse a opita awerengedwe mokweza pamaso pa mpingo, limodzi ndi buku la amene anagwira ntchito.