NKHAFI NDI CUMA: ANA ATHU ASATSALIRE PA GOMBE

Alipo ambiri m'boma lathu la Chongwe amene anabadwira m'mbali mwa mtsinje wa Chongwe, namwa madzi ake kufikira imvi, koma sanafikepo kumene mtsinjewo uthera. Ukacoka kuno kumtunda utsika mapiri, nugwa pa mathithi, ndi kukathira mu Zambezi. Kumunsiko ndiwo malire a kumadzulo a nkhalango ya nyama ya Lower Zambezi National Park, imene Boma linaikhazikitsa mu 1983, ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita 4,092. Tsidya lina la Zambezi kuli nkhalango ya Mana Pools ya dziko la Zimbabwe.

Caka ndi caka, makamaka m'nyengo ya cilimwe, alendo ocokera ku maiko akutali afika kumeneko kudzapalasa bwato. Ambiri ayambira ku Chirundu, napyola pamene Kafue athira mu Zambezi, ndi kutsirizira pafupi ndi mathiriro a Chongwe. Olimba mtima apitirira, nalowa mu mpata wa Mupata kufikira ku Luangwa, kumene dzina lake lakale ndi Feira, pa malire a Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique. Ulendo wina utenga masiku atatu, wina upyola mlungu wathunthu. Usana aona njovu ndi njati zikumwa madzi, usiku agona m'matenti pa zisumbu za mcenga. Zonsezi alipira ndi ndalama zakunja, zimene dziko lathu lizisowa kwambiri.

Masewera amenewa anayambira kutali. Anthu a mtundu wa Inuit, okhala ku maiko ozizira a Greenland, Canada ndi Alaska, anali kupanga kabwato kopepuka ka mitengo kokuta ndi zikopa za nyama za m'nyanja, dzina lake kayak. Kanali cida ca mlenje wofuna ndiwo za banja lake. Lero anthu olemera a ku Ulaya ndi ku America akwera mabwato a mtundu womwewo pa nyanja yamcere cifukwa ca cisangalalo cabe. Ngakhale kwa anansi athu ku Malawi, alendo apalasa makayak kucokera ku Cape Maclear kupita ku cisumbu ca Mumbo. Ife tiribe nyanja yamcere, koma tiri ndi Zambezi, ndipo nkhafi siyacilendo kwa ife. Makolo athu anali kusema mabwato ndi kuoloka mitsinje kalekale, mlendo woyamba asanafike.

Tsono funso langa ndi ili: kodi mlendo akafika pa gombe, mwana wathu agwira nchito yanji? Ngati nchito yake ndiyo kunyamula katundu ndi kutsuka mbale cabe, ndiye kuti tidya makoko, ena nadya cipatso. Nchito imene iri ndi ulemu ndi malipiro abwino ndi ya mtsogoleri wa ulendo, munthu amene akhala m'bwato wa patsogolo, nasankha njira, nasunga moyo wa gulu lonse. Nchito imeneyi ifuna mayeso ndi laisensi, pakuti za m'nkhalango za nyama ziyang'aniridwa ndi Dipatimenti ya National Parks and Wildlife. Liripo bungwe la Conservation Lower Zambezi, limene linayamba mu 1994, ndipo liphunzitsa ana a sukulu za kusunga nyama ndi nkhalango. Khomo ndi lotseguka, koma alowa ndi iye amene wakonzeka.

Amai ambiri adzati, "Mwana wanga sindingampereke kwa mvuu ndi ng'ona." Mantha amenewa ndi oona, ndipo sitingawaseke. Mvuu igubuduza bwato, ng'ona siikhululuka, ndipo mabanja ambiri a m'mbali mwa mitsinje analira maliro a pa madzi. Koma tiyeni tikumbukire kuti ngozi zambiri zibwera cifukwa ca kudzaza bwato mopitirira muyeso, kuoloka mtsinje utasefukira, mowa, ndi kusadziwa kusambira. Mtsogoleri wophunzira agogoda m'mbali mwa bwato ndi nkhafi kuti mvuu zitulutse mitu zidakali patali, ndipo iye azilambalala. Aletsa munthu kuviika dzanja kapena phazi m'madzi. Sacoka pa gombe wina asanavale jaketi loyandamitsa. Nzeru zimenezi zikafika m'midzi mwathu zidzapulumutsanso asodzi ndi ana a sukulu.

Cifukwa cace ndipempha makolo kuti asacotse ana pa sukulu, anyamata ndi atsikana omwe, popeza mtsogoleri ayenera kulankhula Cingerezi ndi kudziwa maina ndi makhalidwe a nyama, mbalame ndi mitengo. Ndipempha aphunzitsi ndi makhansala kuti afunefune njira yakuti ana aphunzire kusambira pa malo opanda ng'ona. Eni misasa ya alendo naonso aphunzitse ana a m'dera lomwelo, asangowalemba nchito zapansi zokha.

Pomaliza, ife a kumtunda tiri ndi udindo wina. Tonse taona mtsinje wa Chongwe ukuphwa m'miyezi ya dzuwa, ndi anthu a m'tauni ya Chongwe akuvutika ndi madzi. Tikapitiriza kudula mitengo ya m'mbali mwa mtsinje pootcha makala, kukumba mcenga mosasamala ndi kulima kufikira pa gombe penipeni, tidzasiyira ana athu khwawa louma. Mafumu ndi nduna zao aike malamulo pa nkhani imeneyi, ndipo ife tiwamvere. Bwato sayenda pa mcenga, ndipo mlendo sadzabwera kudzaona fumbi.