ZA PAKHONDE: Njinga Yatsopano Yafika Yopindika, Tiisunge Kapena Tiibweze?

Sabata yatha ndinali kumudzi kwathu kufupi ndi Katete, kumene ndinapeza banja la mlongo wanga litagawika pawiri cifukwa ca njinga. Ndaona kuti ndi bwino tiikambirane nkhaniyi pano, popeza ino ndi nyengo imene alimi ambiri alandira ndalama za mbeu zao, ndipo cimene cinagwera banja limeneli cikhoza kugwera aliyense wa ife.

Mwana wa mlongo wangayo anagulitsa nshawa zake zonse za caka cino napita ku Chipata kukagula njinga. Analipira, analandira lisiti, ndipo mwini sitolo analonjeza kuti adzaitula ndi galimoto lake pamodzi ndi katundu wa anthu ena. Patapita masiku atatu inafikadi. Koma atacotsa makatoni, cimwemwe cinazirala: utoto unali utapalika malo awiri, madigadi a kumbuyo atakhwinyika, ndipo gudumu la kutsogolo linali litayedzamira mbali imodzi. Atamuimbira lamya, mwini sitolo anati, "Isungeni, ndidzakubwezerani K200 ya mapalidwewo."

Apa ndi pamene panabuka mkangano. Amai ake anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Iwo anaopa kuti njinga ikacoka pakhomo mwina sidzabweranso, pamene mvula iri pafupi, feteleza afunika kukamtenga, ndipo mpongozi wao ali ndi pakati, ayenera kumapita ku cipatala mwezi ndi mwezi. Mkazi wake anati thukuta la caka cathunthu silingagule cinthu columala. Mnyamatayo anangoti, "Atsibweni, ine ndasowa coceza. Mundiuze ndinu."

Onse awiri anali ndi mfundo. Kubweza katundu kwa munthu wa kumudzi si nkhani yopepuka ai. Pali ndalama za ulendo, pali tsiku la nchito lotayika, palinso manyazi aja amene ambiri a ife timakhala nao poyang'anana ndi mwini sitolo, ngati kuti tikupempha cifundo. Komanso njinga kuno kum'mawa si coseweretsa. Ndiyo ngolo yathu, ndiyo ambulansi yathu, ndiyo imatengera cimanga ku cigayo ndi mwana ku sukulu. Akulu akukumbukira ulemu umene munthu ankalandira akafika pamudzi ndi njinga ya Eagle yocokera ku fakitale ya Luangwa Industries ku Chipata. Cinthu coti cidzakutumikira zaka zambiri sicifunika kucigamula mothamanga.

Tsono ndinati tiyambe taona bala, cifukwa mabala a njinga ali mitundu iwiri: a pakhungu ndi a m'mafupa.

A pakhungu ndi monga utoto wopalika, madigadi okhwinyika, belu losalira, cishalo cokhota, kapena cheni cokhwefuka. Izi zimapweteka mtima koma sizipweteka thupi. Popalika pamangofunika kupaka utoto msanga kuti dzimbiri lisalowe nthawi ya mvula. Ngakhale gudumu logwedezeka pang'ono, wokonza njinga wodziwa nchito yake amaliongola pomanga ndi kumasula masipoko. Pa zinthu zotere, munthu wanzeru amalandira ndalama zocotsedwazo, nakonzetsa, nakwera njinga yake. Kuitumiza ku Chipata cifukwa ca belu ndi kutaya ndalama zoposa mtengo wa belulo.

A m'mafupa ndi ena. Awa ndi foloko yopindika, felemu yokhota, mng'alu pamalo oocherera, ndi limu lothyoka msana. Citsulo cimene capindika n'kuongoledwa sicibwerera pa mphamvu yake yoyamba. Njinga ya foloko yopindika imakokera mbali imodzi, imadya tayala mbali imodzi, ndipo tsiku lina, uli ndi thumba la makilogalamu 50 pakaliyala, ukutsetsereka pa phiri, ikhoza kukugwetsa. Pamenepo K200 ija siidzalipira ngakhale ulendo wa ku cipatala.

Kudziwa mtundu wa bala sikufuna sukulu. Ife tinacita zinthu zinai zimene inunso mungacite pakhomo panu. Coyamba, tinaima kutsogolo kwa njinga n'kuona ngati gudumu liri pakati peni-peni pa miyendo iwiri ya foloko. Caciwiri, tinazungulitsa gudumu lirilonse m'mwamba n'kuyang'ana mpata wa pakati pa limu ndi mphira wa buleki, kuti tione ngati ukusintha. Cacitatu, tinamanga cingwe kucokera pa nati imodzi ya gudumu la kumbuyo, kuzungulira khosi la njinga kutsogolo, mpaka pa nati inayo. Ngati felemu iri yoongoka, mpata wa pakati pa cingwe ndi mpope wa pansi pa cishalo umakhala wofanana mbali zonse. Cacinai, tinapapasa ndi cala pansi pa khosi ndi pamwamba pa foloko, cifukwa pamene citsulo capindika utoto umacita makwinya kapena timing'alu.

Felemu tinaipeza yabwino. Koma pa foloko panali makwinya, ndipo mwendo umodzi unali utabwerera kumbuyo. Zinaoneka kuti katundu wolemera anaitsamira m'galimoto. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsopano za lamulo, pakuti ambiri a ife sitidziwa kuti Boma linatichinjiriza. M'caka ca 2010 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loona za mpikisano wa malonda ndi kuteteza ogula, ndipo bungwe loyang'anira lamuloli ndi Competition and Consumer Protection Commission, limene ambiri amalicha CCPC. Lamuloli limaletsa wamalonda kupereka kwa wogula katundu woonongeka kapena wosayenera nchito imene anapangidwira, ndipo limatsegula njira yoti wogula abwezeredwe ndalama kapena apatsidwe katundu wina wabwino. Limaletsanso zikwangwani zija zonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Cotero wobweza njinga yopindika sakupempha cifundo, akungofuna cimene analipira.

Koma lamulo limathandiza wocangamuka. Ukaikwera njingayo milungu ingapo, n'kupita nayo kwa wokonza kuti aimenye ndi nyundo, mwini sitolo adzati waiononga ndiwe, ndipo udzasowa poyankha. Ndiye cifukwa cake tinaiimika m'nyumba osaikwera, tinajambula zithunzi ndi lamya, tinasunga makatoni ndi lisiti, ndipo tinamdziwitsa mwini sitolo tsiku lomwelo, pamaso pa a nduna a mfumu ngati mboni. Onaninso kuti pa nkhani yathuyi wotula katundu anali mwini sitolo yemweyo. Mukanyamulitsa njinga pa lole kapena basi imene mwasankha nokha, mlandu umavuta, cifukwa wogulitsa adzati inacoka m'manja mwake iri bwino. Conco gwirizanani musanalipire kuti ikaonongeka panjira udindo ndi wa yani.

Cimene tinagamula ndi ici: za utoto ndi madigadi tinazikhululuka, koma za foloko tinakana. Tinamuuza mwini sitolo mwaulemu kuti asankhe cimodzi mwa zitatu: aike foloko yatsopano ndi ndalama zake, apereke njinga ina, kapena abweze ndalama zonse. Poyamba anazengereza, nanena kuti okonza njinga amaongola mafoloko tsiku ndi tsiku. Tinavomera kuti n'zoona, koma amaongola a njinga zakale, ndipo ife tinalipira mtengo wa yatsopano. Atamva kuti zithunzi ziripo ndi kuti dzina la CCPC tikulidziwa, anati galimoto lake likamadutsanso lidzaitenga. Pamene ndikulemba, njinga iri ku Chipata, ndipo mpongozi wapita ku sikelo mwezi uno pa njinga yobwereka. Amai ake a mnyamatayo akadali kung'ung'udza, ndipo sindiwaimba mlandu, pakuti kudikira kumawawa. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kwa amalonda ndikuti: mlimi amene mwamcitira cilungamo lero ndiye adzagula matayala, machubu ndi masipoko kwa inu zaka khumi zikubwerazi, ndipo adzauza mudzi wonse. Mangani bwino katundu wanu musanamkweze.

Kwa inu abale anga a kumidzi ndikuti: musasaine kapena kudinda cala pa pepala lirilonse musanamasule katundu ndi kumuona ndi maso anu, woyendetsa galimoto ali pomwepo, ngakhale akhale wofulumira cotani. Bala la pakhungu likhululukireni, koma pa mtengo wocotsedwa. Bala la m'mafupa libwezeni kumene lacokera. Ndalama za nshawa zimabwera kamodzi pa caka.

Tsalani bwino, tidzacezanso sabata ya mawa.