ZA M'MAIKO ENA: Kwaya Imene Inayambira pa Maliro

Owerenga athu amene aimba m'makwaya a chalichi adziwa bwino kuti kwaya yatsopano siionekera pagulu msanga. Imayamba yabindikira miyezi ingapo, kukonza mau kufikira mphunzitsi atakhutira. Sabata lino tikamba za kwaya ina ya ku San Francisco, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja yamcere kumadzulo kwa dziko la America, imene sinapatsidwe mpata wotero.

Dzina lace ndi San Francisco Gay Men's Chorus, ndiko kunena kuti kwaya ya amuna okondana ndi amuna anzao. Anaiyambitsa ndi Jon Sims, mphunzitsi wa nyimbo. Pa 30 October 1978 amuna okwana ngati 100 anasonkhana pa sukulu ya Everett kudzaphunzira koyamba. Lamulo lolanga amuna otere linali litacotsedwa m'cigawo ca California mu 1976, komabe munthu akadziwika anali kutaya nchito kapena kukanidwa ndi makolo ace. Mu November 1978 momwemo anthu a m'cigawoco anaponya voti pa ganizo lakuti aphunzitsi otere athamangitsidwe m'masukulu a Boma, ndipo ganizolo linagonja. Cotero kuima m'kwaya ya dzina limeneli kunali kudziulula pamaso pa abwana ndi abale omwe.

Patapita masabata anai cabe, pa 27 November, Dan White, amene anali atangotula ukhansala, analowa m'nyumba ya khonsolo ya mzinda napha ndi mfuti Meya George Moscone ndi khansala Harvey Milk. Milk anali mwamuna woyamba ku California kusankhidwa pa udindo wa Boma atanena poyera kuti amakonda amuna anzace. Usiku umenewo anthu zikwi zambiri anayenda ndi makandulo m'manja kupita ku nyumbayo. Linali Lolemba, tsiku lophunzira nyimbo. Oimbawo anapita nakaima pa makwerero, naimba nyimbo ya pemphero yopekedwa ndi Felix Mendelssohn wa ku Germany. Kumeneko ndiko kunali kuimba kwao koyamba pagulu. Konsati yeniyeni inadza pa 20 December, motsogoleredwa ndi Dick Kramer.

Mbiri inawanda msanga. Makwaya ofanana nayo anabadwa ku Los Angeles ndi ku Seattle mu 1979, ndi ku New York mu 1980. Mu 1981 kwaya ya ku San Francisco inacita ulendo woimba m'mizinda isanu ndi inai, kuphatikizapo Dallas, Boston ndi Washington. Ulendowo unalimbitsa mtima ambiri, koma unasiya ngongole ya madola pafupifupi 200,000, ndipo oimba atatu anaika nyumba zao cikole. Ngongoleyo inatha mu 1991. Amene anasungapo thumba la kwaya angaone yekha kulemera kwa zaka khumi zimenezo. Mu 1982 makwaya otere anapanga bungwe limodzi lochedwa GALA Choruses.

Koma m'caka ca ulendo comweco, 1981, madokotala a ku America analemba za matenda acilendo amene pambuyo pace anachedwa Edzi. Matendawa sitifunika kuwafotokozera munthu wa m'Zambia. Ndiwo amene Pulezidenti Kenneth Kaunda anaulula mu 1987 kuti anatenga mwana wao. Ku San Francisco anayamba ndi kukantha amuna a mtundu wa oimbawa. Jon Sims mwini wace anamwalira nao mu 1984. Kwaya imene inayamba ndi maliro a anthu ena tsopano inali kuimba pa maliro a anthu ace, ndipo amene anaimba pa maliro a mnzace mwezi uno anali kuimbiridwa yekha miyezi ingapo kutsogolo. Cimene citidabwitsa ife ndi cakuti sinapasuke. Atsopano anapitiriza kulowa m'malo osiyidwa, akudziwa bwino cimene cinacotsa eni ace a malowo. Mu 1990 anayambanso mwambo woimba usiku wa pa 24 December m'holo ya Castro Theatre, pokumbukira amene analibe kwao kopita pa Krisimasi.

Kwaya ya amuna imakhala ndi magulu anai a mau: matenala oyamba, matenala aciwiri, mabaritoni ndi mabesi. Oimbawa anaonjezapo gulu lacisanu, ndilo la anzao amene anamwalira, ndipo maina ao amalembedwa pa ndondomeko ya konsati pamodzi ndi a amoyo. Otengedwa ndi Edzi okha anapitirira 300.

Mu 1993 Eric Luse, wojambula wa nyuzipepala ya San Francisco Chronicle, anatola cithunzi ca kwayayi. Amuna 115 obvala zakuda anaima atafulatira, kuimira akufa. Pakati pao panali asanu ndi awiri obvala zoyera, oyang'ana kutsogolo, otsala mwa aja amene anaiyamba.